MATENDA OTENGERA KU CHIPATALA

Mau ali m'munsiwa analankhulidwa ndi mmodzi wa anyamata a ofesi yathu yofalitsa nkhani, pa bwalo la mfumu ina pamene anthu anasonkhana kudzamva za umoyo. Tawasindikiza monga momwe iye anawanenera, kuti ndi inu a midzi yina mumveko.

 Ine ndine mwana pakati panu, ndipo sindine dokotala iai. Nchito yanga ndiyo kutenga mau kwa odziwa ndi kudzawatula kwa inu, ndiponso kutenga mau anu ndi kukawatula kwa iwo. Tsono mundilole ndiime pamaso pa akulu kanthawi pang'ono.

Pali mau amene ndimawamva m'midzi yambiri imene ndimayendamo. Anthu amati, ku chipatala munthu amapita ndi nthenda imodzi, nabwerako ndi ziwiri. Kapena ena a inu muli kuyesa kuti ine, pokhala wa Boma, ndadza kudzakana mau amenewa. Sindikana iai. Ziripo ndithu nthenda zimene munthu amazitenga ali chigonere m'chipatala, zimene analibe tsiku lija anafika. Madokotala amazidziwa, ndipo kawirikawiri zimayamba kuoneka atapita masiku awiri kapena kupitirira munthu atagonekedwa. Zina zimadza kuonekera kumudzi, munthu atatuluka kale.

Bvuto limeneli siliri kwathu kuno kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, linalengeza m'chaka cha 2022 kuti mwa odwala 100 ogonekedwa m'zipatala za maiko olemera, 7 amatenga nthenda yotere, ndipo m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ndi odwala 15 mwa 100. Linatinso mwa anthu 10 otenga nthendazi, mmodzi amamwalira nazo. Koma mau akulu amene ndadzera ndi awa: bungwe lomwelo linati mwa nthenda 10 zoterezi, 7 zingathe kupewedwa ngati anthu asamba m'manja ndi kusunga ukhondo monga kuyenera. Ndipo manja amene tiri kunenawa si a madokotala ndi anamwino okha iai. Ndi athunso, ife opita kukadwazika ndi kukazonda abale athu.

ZIMENE NDINAONA NDI MASO ANGA

Chaka chatha mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga, anapita kukachira ku chipatala china. Mwana anagona mopingasa, ndipo madokotala anamchita opareshoni, napulumutsa mai ndi mwana yemwe. Ife abale tinakondwa kwambiri. M'mawa mwake tinafika ochuluka, kapena khumi, yense nafuna kumpatsa moni wa pa dzanja, yense nafuna kuyangata mwana. Ena anakhala pa bedi pomwepo. Ine mwini ndinatsika m'basi nditagwira ndalama, zitsulo za pakhomo, ndi chimanga chootcha chimene ndinadya pa njira, ndipo ndinalowa osasamba m'manja. Apongozi ake, chifukwa cha chikondi, anatukula bandeji kuti aone umo anamsokera.

Tsiku lachinai mlamu anayamba kutentha thupi. Bala linatupa, linafiira, ndipo linayamba kutuluka mafinya. Pomwepo kunong'onezana kunayamba. Ena anati pali munthu amene sanakondwe kuti mwana wabadwa. Ena anati timthawitse usiku tipite naye kwa sing'anga. Koma namwino wina wachikulire anatiitana, natikhazika pansi pa mtengo, natiuza kuti tizirombo talowa m'bala, ndi kuti tambiri ta tizirombo totere timafika pa bala poyenda pa manja a anthu, kaya manja a iwo a chipatala, kaya manja athu. Sanatidzudzule, ndiponso sanadzichotse yekha pa mlanduwo.

Mlamu anachira, tiyamika Mulungu. Koma munthu amene akadatuluka patapita masiku ochepa anagona milungu itatu. Inali nyengo yopalira. Munda unamera udzu, ndipo achimwene anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama za ulendo ndi chakudya cha wodwazika. Kufikira lero ndikaona dzanja langali ndimakumbuka basi ija.

CHIFUKWA NINJI KU CHIPATALA?

Wina adzafunsa, nanga malo ochiritsirako anthu angapatse bwanji munthu nthenda? Zifukwa zake nzitatu.

Choyamba, ku chipatala ndi kumene odwala onse amasonkhana. Wa chifuwa ali pomwepo, wotsegula m'mimba ali pomwepo, wa chironda ali pomwepo. Yense wadza ndi tizirombo ta nthenda yake. Tizirombo timeneti ntating'ono koposa, sitioneka ndi maso koma ndi galasi la mphamvu limene madokotala amapimira magazi ndi makhololo. Timakhala pa zitsulo za bedi, pa zitseko, pa zikho, pa nsalu, ndi pa manja ooneka oyera. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, thupi la wodwala liri lofoka kale. Tizirombo timene inu ndi ine tingatigonjetse osadziwa nkomwe, tingathe kugwetsa khanda lobadwa masiku osakwana, nkhalamba, munthu wopsa ndi moto, wa nthenda ya shuga, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika.

Chachitatu ndi ichi. Khungu lathu liri ngati mpanda wa khola. Pokhala mpanda uli wolimba, fisi amangozungulira kunja. Koma pofuna kuchiritsa munthu, nthawi zina dokotala ayenera kutsegula mpandawo. Mpeni wa opareshoni utsegula khomo. Singano ya diripi itsegula khomo lolunjika m'magazi. Kapaipi kotulutsira mkodzo katsegula khomo lina. Makomo amenewa ndiwo apulumutsa moyo, koma akapanda kusungidwa bwino, mdani alowera pomwepo. Ndicho chifukwa chake nthenda zochuluka zotengera m'chipatala ziri za mabala a opareshoni, za m'magazi, za njira ya mkodzo, ndi chibayo.

DOKOTALA WA KU VIENNA

Tsono ndikutengeni pang'ono tipite ku Ulaya, kuti mumve umo anthu anadziwira za manja. Mu mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, munali chipatala chachikulu chokhala ndi zipinda ziwiri zochiriramo azimai. M'chipinda choyamba munkagwira nchito madokotala ndi anyamata ophunzira udokotala. M'chachiwiri munali azamba. Pakati pa 1841 ndi 1846, m'chipinda cha madokotala munkamwalira azimai pafupifupi 10 mwa 100 ali onse, ndi nthenda yotentha thupi imene imagwira mai atangochira. M'chipinda cha azamba munkamwalira pafupifupi 4 okha. Azimai a mu mzindamo anaidziwa mbiri imeneyi, ndipo ena ankachita kugwada kupempha kuti asawagoneke kwa madokotala.

Panali dokotala wachinyamata wa ku Hungary, dzina lake Ignaz Semmelweis, amene mtima wake sunakhazikike ndi imfa zimenezi. Anayesa ichi, nayesa icho, osapeza chifukwa. Ndipo m'chaka cha 1847 bwenzi lake, dokotala Jakob Kolletschka, anachekedwa chala ndi mpeni pamene anali kupima mtembo, nadwala, namwalira. Semmelweis anaona kuti nthenda imene inapha mnzakeyo inafanana ndi imene inali kupha azimai aja. Pamenepo maso ake anatseguka. Madokotala ndi ophunzira ankachoka kopima mitembo ndi kulunjika kwa azimai oyembekezera, pamene azamba sankakhudza mitembo iai.

M'mwezi wa May chaka chomwecho analamula kuti yense asambe m'manja m'madzi a klorini asanakhudze mai ali yense. Klorini ameneyu ndi mtundu womwewo wa mankhwala amene alangizi a za umoyo amatipatsa kuti tithire m'madzi nthawi ya kolera. Mverani chimene chinachitika. M'mwezi wa April munamwalira azimai 18 mwa 100. M'mwezi wa June anatsika kufika pa 2, ndipo mu July pa mmodzi. Sanabwere ndi mankhwala atsopano akumwa kapena obaya. Anangosambitsa anthu m'manja.

Mungayese kuti anzake anamuyamika. Iai, ambiri anakwiya. Kunali kowawa kwa munthu wophunzira kubvomera kuti dzanja lake lomwe ndilo linali kupereka imfa. Semmelweis anamwalira mu 1865 anthu ambiri asanamkhulupirire. Pambuyo pake Louis Pasteur wa ku France anaonetsa poyera nchito ya tizirombo, ndipo mu 1867 Joseph Lister, dokotala wa opareshoni mu mzinda wa Glasgow, pafupi ndi Blantyre wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone, analemba za kutsuka mabala ndi zipangizo ndi mankhwala opha tizirombo. Kuyambira pamenepo opareshoni inaleka kukhala khomo la ku manda.

Azibambo ndi azimai, madokotala a ku Vienna sanali mfiti. Anali anthu ofuna kuthandiza. Apongozi aja otukula bandeji sanali mfiti. Nthenda zimenezi zimayenda pa manja a anthu otikonda, ndipo nchifukwa chake zimabvuta kuzikhulupirira.

MBALI YATHU IFE ODWAZIKA

Kwathu kuno wodwala sagona yekha m'chipatala. Pamakhala mbale womdikira, amene ku chipatala amamutcha gadiyani. Ndiye amamdyetsa, kumsambitsa, kumtembenuza, kumperekeza ku chimbudzi, ndi kumchapira. Namwino mmodzi ali ndi odwala ambiri, koma gadiyani ali ndi mmodzi. Kunena zoona, dzanja limene limakhudza wodwala kawirikawiri koposa onse ndi lanu. Tsono gwirani mau awa.

1. Sambani m'manja ndi sopo polowa m'wodi, musanakhudze wodwala, musanamdyetse, mutamthandiza ku chimbudzi kapena kutaya zonyansa, mutasintha thewera la mwana, ndiponso potuluka. Kungonyowetsa nsonga za zala monga tichitira pothamangira nsima sikukwanira. Pakani sopo m'zikhato, kuseri kwa manja, pakati pa zala, ku zala zazikulu ndi m'zikhadabo, kwa nthawi yosachepera masekondi 40. Wengani zikhadabo zikhale zazifupi.

2. Sambani mothirirana, kapena pa mpopi. Mwambo wathu wosambira m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu kufikira mwana, ndi waulemu, koma wotsiriza amasamba litsiro la onse. Ulemu womwewo ungachitike mwana atagwada ndi chikho, nathirira akulu madzi mmodzi mmodzi.

3. Musapukute manja osamba ku chitenje chimene mwabvala. Azimai mundikhululukire, koma chitenje chimodzi chimapukuta mamina a mwana, chimayalidwa pansi usiku, chimabvundikira chakudya, ndipo chomwecho chifunda wodwala. Manja aume okha ndi mphepo. Nsalu ya wodwala ndi ya khanda ikhale yakeyake, yochapa ndi sopo ndi kuyanika pa dzuwa.

4. Musatukule bandeji, musakhudze bala, ndipo musapakepo kanthu kali konse kochokera kumudzi. Chimodzimodzi pa mchombo wa khanda: pasapite phulusa, mafuta, dothi kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene anamwino apereka.

5. Musasewere ndi diripi kapena kapaipi ka mkodzo. Thumba la mkodzo likhale m'munsi mwa wodwala, koma losagunda pansi. Mukaona pamene palowa singano patupa, pafiira kapena pali kuwawa, uzani namwino msanga.

6. Ozonda odwala alowe awiri awiri, pa nthawi yoikika, ndipo asakhale pa bedi. Amene ali ndi chimfine, chifuwa kapena kutsegula m'mimba atsale kumudzi, atume moni. Ana ang'ono asatengedwe kukazonda odwala. Khanda lobadwa kumene lisayende m'manja mwa anthu onse. Mudzaliyangata kufikira kutopa likafika kwanu.

7. Musatseke mazenera onse a m'wodi chifukwa cha kuzizira. Tizirombo ta chifuwa chachikulu sitiyenda pa manja koma mu mpweya, ndipo timachuluka m'chipinda chotsekedwa. Mfunditseni wodwala bulangeti, mphepo ipite. Wotsokomola atseke pakamwa.

8. Chakudya chikhale chobvundikira, ndipo chotsala chisagone pansi pa bedi kuitana nchenche ndi mphemvu. Mbale, chikho ndi supuni za wodwala zisabwerekedwe. Chimbudzi cha chipatala tichisamale monga chathu, pakuti amene adzalowamo pambuyo pathu ndi wodwala.

MBALI YA A CHIPATALA

Musayese kuti katundu yense ndamsenzetsa inu. A chipatala ali ndi malamulo ao. Ayenera kusamba m'manja, kapena kupaka mankhwala a spiriti opha tizirombo, asanakhudze wodwala ndiponso atamkhudza. Ayenera kubaya ndi singano yatsopano munthu ali yense, kuphika zipangizo za opareshoni m'makina ake, kusintha magolovesi pochoka kwa wodwala wina kunka kwa wina, ndi kuchotsa diripi kapena kapaipi nchito yake ikatha. Ambiri amachita zimenezi mokhulupirika, ngakhale ali ochepa ndi otopa. Koma munthu ndi munthu, amaiwala.

Kodi mungathe kumkumbutsa namwino? Inde mungathe, ndipo si chipongwe. Safunsa anadya phula. Mau aulemu alipo. Munganene kuti, pepani anamwino, tinamva kuti bala limaopa manja, kodi ndikuthirireni madzi? Wanzeru adzakuthokozani. Ngati pa chipatala palibe madzi kapena sopo masiku ambiri, musangodandaulira m'mitima. Kauzeni a komiti ya chipatala chanu, kapena mkulu womva madandaulo a odwala, kapena Agogo Mfumu kuti akatule nkhaniyo koyenera. Chipatala chopanda madzi si mlandu wa namwino yekha. Ndi mlandu wa ife tonse.

TIZIROMBO TOSAMVA MANKHWALA

Wina adzati, nanga tibvutikiranji, si mankhwala alipo? Alipo, koma mphamvu yao iri kuchepa. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza mu 1945 kuti munthu akamwa mankhwalawa moperewera, tizirombo timawazolowera. Mau ake anapherezera. Ngakhale kwathu kuno, ofufuza amene anapenda magazi a odwala pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 kufikira 2016 anapeza kuti mitundu yina ya tizirombo inanka nileka kumva mankhwala amene kale ankaigonjetsa. Tizirombo totere timapezeka kwambiri m'zipatala, ndipo tikalowa m'magazi a khanda, dokotala amatsala ndi mankhwala owerengeka, okwera mtengo, amene sapezeka pali ponse.

Ife tomwe timathandiza kuti tizirombo tiume mitu. Timagula makapusozi awiri pa msika tikamva chimfine. Timaleka mankhwala pa njira tikayamba kupeza bwino, ndi kusungira otsalawo mwana akadzadwala. Lekani zimenezi. Imwani mankhwala monga momwe dokotala wanenera, ndipo musagawire wina.

MUKABWERERA KUMUDZI

Kutuluka m'chipatala sikuti nkhondo yatha. Bala la opareshoni lingathe kubvuta ngakhale patapita milungu, kufikira mwezi wathunthu. Bwererani msanga, osadikira tsiku limene analemba m'buku, mukaona izi: bala lafiira, latupa, latentha, liri kutuluka mafinya kapena pfungo, wodwala ali kutentha thupi kapena kunjenjemera, ali kumva kuwawa pokodza, mai wochira kumene ali kumva kupweteka m'mimba kapena ali kutaya zonunkha, khanda laleka kuyamwa, lafoka, latentha kapena lazizira kwambiri, liri kupuma mofulumira, kapena mchombo wake wafiira. Kwa khanda, usiku umodzi wodikira ungakhale wochuluka. Musayambe mwafunsa kuti walodza ndani. Yambani mwafunsa kuti njinga iri kuti.

MAU OTSIRIZA

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndiri kuopa. Ndiopa kuti wina achoka pano nakanena kuti, mwamva, ndi wa Boma yemwe wabvomera kuti ku chipatala kuli matenda, ine mkazi wanga achirira pakhomo. Chonde musandinamizire. Mlamu wanga uja akadakhala pakhomo, lero tikadakhala tiri kunena za manda awiri. Bala lake linatenga tizirombo ku chipatala, inde, koma ndi chipatala chomwecho chimene chinatulutsa mwana wamoyo, ndipo ndi chomwecho chimene chinachiza balalo. Mwa odwala 100 aja, ochuluka koposa amatuluka osatenga kanthu. Akulu anati walira mvula walira matope. Palibe mlimi amene amakana mvula chifukwa choopa matope. Amangosamala poponda.

Pempho langa kwa Agogo Mfumu ndi ili. Pamene munthu wa m'mudzi muno anyamuka kunka ku chipatala, timasonkha ufa, nkhuni ndi ndiwo. Tiyeni pa mtolo umenewo tiziikapo ndi sopo. Ndipo posankha gadiyani, tisankhe munthu amene wamva mau awa, wosaopa kuuza ngakhale mkulu kuti, pepani, yambani mwasamba m'manja. Akulu musakwiye mwana akakuuzani chotero. Sali kukunyozani, ali kusunga moyo wa mbale wanu.

Inu odziwa kuwerenga, mau awa akadzatuluka m'nyuzi yathu ya mwezi ndi mwezi, mukawawerengere anzanu amene sanafike pano, makamaka azimai amene amagona pansi m'zipatala kudikira odwala athu. Mwezi wa mawa ndikadzabweranso, ndidzakondwa kumva mafunso anu, ndipo amene adzandikanika ndidzapita nao kwa adokotala.